Vanishi, lacquer, oyilo kapena penti? Musanagule chitini, tagadabuzani kaye tebulolo

Mlongo wanga wa ku Machinjiri anandiimbira foni masabata apitawa, akuti achimwene tebulo lija lang'ambika pakati penipeni, komanso pomwe ana anaika ketulo patsala banga loyera lozungulira losachoka olo upukute bwanji, nde ndigule vanishi wanji ndipakenso? Tebulolo anagula m'mbali mwa msewu chakumapeto kwa dzinja, linali lowala moti umadziona nkhope, ndipo kuwalako ndi kumene kunamukopa. Nditafika sindinayambire pamwamba, ndinaligadabuza kaye. Kunsi kunali kosapakidwa kalikonse, matabwa ake a paini, pa mfundo zina utomoni ukutulukabe. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Ndinamuuza kuti achemwali, apa vuto lalikulu si vanishi, matabwawa anakhomedwa asanaume.

Ine ndinakulira pa shedi ya amalume ku Ndirande, ntchito yanga yoyamba inali kusesa utuchi ndi kukwecha miyendo ya mipando ndi sandipepa mpaka zala kuchita thuza. Pano ndili pa ntchito ina koma Loweruka ndimakhalabe ndi pulena m'manja, ndipo funso la mlongo wangali ndimalimva kawirikawiri. Aliyense amafunsa za chitini. Tifikako ku chitiniko, kungoti pali mafunso awiri amene amayenera kutsogola. Thabwalo lauma? Nanga chinthucho chikakhala pati, kuchipinda, pabalaza, kukhitchini, pakhonde, kapena panja pomwe mvula ya Januwale izichimenya?

Thabwa limapuma. M'dzinja limamwa chinyezi n'kufufuma, m'chilimwe limachitulutsa n'kubwerera, n'chifukwa chake zitseko zambiri muno mu Blantyre mu Febuluwale umachita kukankha ndi phewa koma pofika Okutobala zasiya mpata. Palibe vanishi olo penti amene amaletsa zimenezi, amangozichedwetsa basi. Thabwa la katundu wa m'nyumba limafunika chinyezi chitatsika kufika cha m'ma 12 peresenti. Kamakina koyezera ambirife tilibe, ndiye timadalira manja, thabwa laliwisi limalemera, ukaligunditsa patsaya limazizira, utuchi wake umakanirira m'mano a sowo ndipo ukaufinya umaumbika. Njira ina yosavuta, dulani kachidutswa muzikayeza pa sikelo ya kukhitchini sabata iliyonse, kakasiya kupepuka ndiye kuti matabwawo afikapo. Poyanika muwasanjike pamthunzi podutsa mphepo, pakati pa thabwa ndi linzake muike timitengo, pamwamba mutsindike ndi njerwa. Padzuwa ayi, kunja kumauma msanga mkati mukadali madzi, thabwa n'kusweka. Ndi nkhani ya miyezi, osati masiku.

Mtengo wakenso umalamula zambiri. Paini, wambiri amachokera ku Chikangawa, wina ku Zomba ndi ku Dedza, ndi wofewa, wotchipa, savuta kupala, koma ali ndi mfundo ndi utomoni, chiswe chimamukonda, ndipo ukamupaka stain, mankhwala osintha mtundu wa thabwa aja, amamwa mosiyana pena kuda bii pena kuyera mpaka kuoneka mawangamawanga. Bulugamu ndi wolimba koma pouma amapindika ndi kung'ambika, amafuna kudekha. Malaina ndi opepuka, otuwa, akauma sapindikapindika ndipo penti amagwira bwino kwambiri, kungoti amachedwa kuuma mkati. Mbawa ndi yofiirira bwino, ili ndi timabowo ting'onoting'ono tambirimbiri tomwe timamwa koti yoyamba yonse, komanso mizere yake imapita uku ndi uku moti pulena yobuntha imazula m'malo mopala. Mlombwa ndiye wapamtima panga, mtima wake chiswe sichiufuna ndipo susunthasuntha ndi nyengo, koma mbali yoyera ya kukhungwa ija imafumbwa, musalole kuti kalipentala aibise ndi stain. Mitengo iwiri yomalizayi ikusowa masiku ano, nde ngati muli ndi kabati ya mlombwa ya makolo, isamaleni. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu uja, watsala pang'ono kutha ndipo kuudula n'koletsedwa. Wina akakuuzani kuti ali ndi matabwa ake atsopano, chonde musagule. Koma ngati agogo anasiya bokosi la mkungudza, mkati musapakemo chilichonse, fungo lija ndi lomwe limathamangitsa tizilombo m'zovala.

Tsopano sandipepa, pomwe ambiri amadumpha chifukwa ndi ntchito yotopetsa ndipo kasitomala saiona. Nambala yolembedwa kuseri ikakhala yaing'ono ndiye kuti ndi yokhakhala, ikamakwera ikusalala. Thabwa lochokera pa makina lokhala ndi mizere ya mpeni muyambe ndi 80, kenako 120, kenako 180, ndipo ngati mupaka chinthu choonekera mkati mumalize ndi 220. Kuchoka pa 80 n'kulumphira pa 220 sikuthandiza, mikwingwirima ya 80 ija imatsala, maso saiona, koma vanishi akangogwera imatulukira yonse poyera. Kwechani motsatira mizere ya thabwa, osati mopingasa, ndipo sandipepayo muikulunge pa kachidutswa ka thabwa kuti zala zisakumbe timaenje. Amalume ankalemba mizere ya pensulo pathebulo lonse n'kunena kuti iwe mphwanga, pensulo yonseyi ikatha ndiye usinthe pepala. Ndikati ndamaliza ankandiuza kuti nditsinzine n'kuyendetsa chikhatho pathabwapo. Dzanja limapeza zomwe diso laphonya, mpaka lero ndimatero.

Pali tizinthu tina ting'onoting'ono tomwe timaononga ntchito yabwino. Guluu wofinyikira m'majointi akauma saoneka, koma stain ndi oyilo salowa pamenepo, pamatsala poyera. Musanapake, pukutani thabwa lonse ndi kansalu konyowa pang'ono, pomwe pali guluu paonekera, komanso madziwo amadzutsa timaubweya ta thabwa tomwe mumatichotsa ndi 220 likauma. Pomwe paini wafwaphika chifukwa chogundidwa ndi hamala, ikanipo kansalu konyowa n'kusita ndi ayironi yotentha, nthunzi imafufumitsa malowo n'kubwerera. Mabowo a misomali ambiri timatseka ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, pansi pa penti zilibe vuto, koma pansi pa stain zimaoneka ngati zipsera, bola kugula fila wa mtundu wofanana ndi thabwalo. Fumbi lonse lichoke, ndipo pokwecha muvale chotseka mphuno, utuchi wa mitengo yolimbayi umakhala pachifuwa.

Nde tafika ku chitini.

Lacquer ndi amene amawalitsa katundu wambiri amene mumamuona atayalidwa m'mbali mwa misewu. Akalipentala amamukonda pa chifukwa chomveka, amauma m'mphindi 15 mpaka 30, ndiye m'mawa apopera sanding sealer, koti yoyamba yotseka timabowo ta thabwa, akwecha pang'ono, makoti awiri atatu a lacquer, madzulo katundu ali kale pamsewu. Akapoperedwa bwino amasalala kuposa chilichonse cha bulashi, ndipo akakalika savuta kukonza chifukwa koti yatsopano imasungunula yakale n'kukhala chimodzi. Kufooka kwake n'koti sapirira kutentha, mowa, pafyumu, ngakhale mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo. Banga la ketulo la mlongo wanga lija linali chinyezi chomwe chinalowa mu lacquer. Amafunanso kompresa ndi magetsi, fungo lake limazunguza mutu, ndipo amayaka moto mosavuta, pafupi pasakhale mbaula olo wosuta fodya. Pa wodilopu, kabati ya mbale, sitendi ya TV, mutu wa bedi, ndilibe naye vuto. Pa tebulo lodyera nsima tsiku ndi tsiku ine ndimakana. Mukafuna kudziwa chomwe chinapakidwa pa katundu amene munagula, nyowetsani kathonje ndi thinazi n'kukhudza pamalo obisika, pakafewa n'kumanata nthawi yomweyo ndi lacquer. Izi n'zofunika chifukwa lacquer ukamupopera pamwamba pa vanishi wakale amamukwinyitsa ngati khungu la nkhalamba.

Vanishi wa polyurethane ndi amene ndimauza anthu ambiri opaka okha kunyumba, chifukwa amangofuna bulashi yabwino ndi kuleza mtima. Amapirira madzi, ndiwo zotayika, zikhadabo za ana, mbale yofunda. Koti yoyamba muisungunule ndi tapentaini pang'ono, gawo limodzi pa magawo khumi, kuti ilowe m'thabwa. Isiyeni igone usiku wonse, mawa mukweche mopepuka ndi 320, mupukute fumbi, mupake yachiwiri, mkuja yachitatu. Makoti atatu opyapyala amaposa imodzi yokhuthala, yokhuthalayo imayenderera m'mbali ngati misozi ndipo imauma pamwamba pokha mkati mukadali phala. Chitini musachikhutchumule, chimachita thovu lomwe limaumira pathabwa, takasani ndi kamtengo pang'onopang'ono makamaka wa satin, wowala pang'ono uja, kapena matt, wosawala uja, chifukwa zomwe zimachepetsa kuwala zimakhala pansi. Ngati chitinicho chinatsegulidwa kale, sefani ndi sokosi yopyapyala ya azimayi ija. Chinanso chomwe anthu sakhulupirira, vanishi akauma kukhudza sikuti wakhwima, amatenga masabata atatu kapena anayi kuti alimbe kwenikweni, nde masiku oyambawo osaikapo zolemera olo kuyala pulasitiki. Zoipa zake zilipo. Amachedwa kuuma ndiye fumbi limagweramo, pa paini amasanduka wachikasu pakapita nthawi, ndipo akakalika kwambiri sungangozigamba pamodzi, umakwecha pamwamba ponse. Ine ndimakonda satin, gloss, wowala kwambiri uja, amaonetsa kachilema kalikonse ndipo mlombwa amaupangitsa kuoneka ngati pulasitiki.

Aliponso vanishi wosungunula ndi madzi. Sanunkha kwambiri, amauma m'maola ochepa, sasintha mtundu wa paini, kungoti amadula ndipo si hadiweya iliyonse ku Limbe kapena m'tauni yomwe mungamupeze. Kwa amene akupakira m'nyumba momwe muli khanda ndi wabwino.

Chitseko cha panja ndi nkhani ina. Vanishi wa m'nyumba ukamuika padzuwa sachedwa, amatuwa, amasweka, madzi amalowa pansi pake n'kuyamba kusupuka ngati njoka yofundula. Gulani wolembedwa exterior kapena marine, iyeyo ndi wofewerapo moti amayenda limodzi ndi thabwa komanso ali ndi zotchinga dzuwa. Olo choncho, chitseko choyang'ana kumadzulo chopanda khonde chimafuna kukwechedwa pang'ono ndi koti yatsopano chaka chilichonse kapena zaka ziwiri, asanayambe kusupuka. Mukadikira asupuke ndiye kuti muchotsa yense kuyambira pachiyambi. Dzifunseni moona mtima ngati mudzachite zimenezo. Ngati ayi, pitani pa penti.

Penti anthu amamuona ngati wa osauka, koma panja palibe chomuposa, chifukwa mtundu wakewo ndi umene umatchinga dzuwa kuti lisafike pathabwa. Pa mafelemu a mawindo, zitseko za paini, mabenchi a pakhonde, makabati a kukhitchini a blockboard kapena malaina, penti ndiye mwini wake. Koma akhale wathunthu, primer wa matabwa, undercoat, kenako gloss makoti awiri. Gloss yekha pathabwa losapakidwa primer amamwedwa n'kuyamba kukakatuka. Mfundo za paini muyambe mwazitseka ndi knotting, mankhwala otsekera utomoni, apo ayi utomoni umadzatulukira pa penti woyera n'kusiya timabanga tachikasu. Ndipo chonde pakani pamwamba ndi pansi pa chitseko, pomwe sipaoneka paja, chifukwa kumapeto kwa thabwa ndi komwe kumamwa madzi kwambiri, zitseko zambiri za ku bafa zimayamba kuola pansi pamenepo. Amene muli m'nyumba zakale za ku Sunnyside, Namiwawa, Mandala kapena ma layini akale a ku Kanjedza, penti wina wakale wa oyilo amakhala ndi mtovu, fumbi lake ndi loopsa kwa ana ndi amayi oyembekezera, ndiye kwechani monyowetsa, ana akhale kutali, ndipo musamuotche ndi moto. Chomwe sindingachite n'kupaka penti pa mlombwa kapena mbawa. Mtengo unatenga zaka zambirimbiri kuti ukhale ndi mizere imeneyo.

Pa mitengo imeneyi ine mtima wanga uli pa oyilo. Boiled linseed oil, teak oil, Danish oil, onsewa amalowa mkati m'malo mokhala pamwamba, ndiye ukagwira umagwira thabwa lenileni, ndipo mlombwa ukangomwa oyilo mitundu yake imadzuka, kufiira, golide, mizere yakuda, zonse poyera. Kupaka kwake n'kosavuta, nsanza yokha, kupaka mokwanira, kudikira mphindi 15 kapena 20, kenako kupukuta wotsala yense mpaka pouma. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, amamusiya pamwamba poganiza kuti awala, m'malo mwake amanata masabata n'kumagwira fumbi. Mawa mubwereze, makoti atatu kapena anayi. Raw linseed musiyeni, amatenga masiku ambiri kuti aume. Ubwino wa oyilo n'ngwoti sasupuka, pakakalika umangokwecha pomwepo n'kupakanso, palibe amene angadziwe. Kuipa kwake, sateteza madzi ngati vanishi, kapu yonyowa ikagona usiku imasiya chizindikiro, pa malo a chinyezi linseed amatha kuda ndi nkhungu, ndipo amafuna kubwereza mwina kamodzi pachaka. Pa mipando, bedi, mashelefu, tebulo la pabalaza pakhomo popanda ana ang'ono, ndi wabwino zedi.

Ili lokha ndikupemphani musaiwale. Nsanza zopakira linseed zikaunjikidwa pamodzi zimatentha zokha mpaka kuyaka popanda machesi, chifukwa oyiloyo pouma amatulutsa kutentha. Mukamaliza zitambasuleni panja imodziimodzi mpaka ziume gwa, kapena ziviikeni m'ndowa ya madzi. Musaziponye pa mulu wa utuchi n'kutseka shedi.

Zinthu zokhudza chakudya, thabwa lodulira nyama, chipande, mthiko, mbale za mtengo, izi vanishi ayi, amakakatuka n'kulowa m'ndiwo. Mafuta ophikira amadzanunkha pakapita nthawi. Chomwe ndimapaka ndi liquid paraffin wa ku famase, uja ena amamwa akadzimbidwa, osati parafini wa nyale chonde, ndi zinthu ziwiri zosiyana. Phula la njuchi nalo ndi labwino pa ziboliboli za mphingo ndi mafelemu a zithunzi, limanunkhira bwino ndipo limapereka kuwala kofatsa, koma palokha silitchinga madzi olo kutentha. Dziwaninso kuti thabwa lomwe lamwa phula, polishi wa pansi kapena polishi wopopera uja, vanishi sadzagwirapo bwino mpaka mutatsuka ndi tapentaini n'kukwecha.

Stain ndi mtundu chabe, sateteza kanthu, pamwamba pake pamafunikabe vanishi kapena lacquer. Si chinthu choipa, paini wopakidwa stain bwinobwino amakongola, bola wogulitsa anene kuti ndi paini. Kuti asachite mawanga, muyambe ndi koti yopyapyala kwambiri ya sealer, ndipo muyesere pa chidutswa chotsala cha thabwa lomwelo musanakhudze katundu weniweni. Mukamagula zopangapanga ndipo akukuuzani kuti ndi mbawa, suzumirani kunsi, nyamulani mumve kulemera, dinikizani chikhadabo pamalo obisika. Chikalowa mosavuta ndi paini.

Za oyilo wakuda wochotsa m'galimoto ndisazisiye, chifukwa ambiri amapaka pa mitengo ya mpanda ndi ya khola pothawa chiswe. M'nyumba asalowe, amanunkha, amadetsa zovala, ali ndi zoipa za mu injini, ndipo pomwe wapakidwa penti sadzagwiranso. Pa denga ndi pa mitengo yokhudza dothi bola kugula paini wothiridwa kale mankhwala, wobiriwira pang'ono uja, koma zidutswa zake musasonkhezere moto wophikira.

Nyengo yathu inonso ili ndi mawu ake. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chikatsika, Soche ndi Ndirande osaoneka, vanishi amachedwa kuuma ndipo lacquer amachita mbuu ngati mwathira mkaka chifukwa chinyezi chimatsekeredwa mkati. Dikirani dzuwa lituluke. Ogasiti ndi Seputembala vuto ndi mphepo ndi fumbi, pakirani mkati, wazani madzi pansi, tsekani chitseko. Mu Okutobala pakani m'mamawa pamthunzi, thabwa lotentha limatulutsa mpweya womwe umachita timatuza mu vanishi.

Tebulo la mlongo wanga tinalitengera ku shedi. Popeza chilimwe chinali chitaliumitsa kale lokha, tinacheka motsatira mng'alu uja, tinapala mbali zonse ziwiri, guluu, makalampu, n'kulisiya ligone. Misomali yomwe inakhomerera pamwamba ku felemu tinaizula n'kuika masikuluu m'mabowo otalikirapo kuti thabwa lizitha kusuntha nyengo ikasintha. Lacquer yense tinamuchotsa, 120, 180, 220, kenako polyurethane wa satin makoti atatu pamwamba ndi awiri kunsi, kuti mbali zonse zizimwa chinyezi mofanana. Atabwera kudzaliona anati achimwene koma silikuwala ngati kale, ndinamugwira dzanja n'kuliyendetsa pamwamba pake, anangoti eeh. Ndamuuza kuti adikire mwezi uno uthe asanayambe kudyerapo, ndipo pobwerera tinadutsa mu msika wa Limbe kugula timphasa ta mlaza tinayi toikapo ketulo ndi mapoto.